Kuzindikira Makina Akale a Ulimi Musanawagulitse

M'midzi yambiri ya kuno ku Mkaika, mpaka ku Sinda ndi ku Vubwi, mumapezeka zitsulo zadzimbiri zogona kuseri kwa nkhokwe kapena pansi pa mtengo wa mango. Amene ankazigwiritsa ntchito anamwalira, ndipo adzukulu sadziwa dzina lake ngakhale ntchito yake. Akafika ogula zitsulo zakale ndi sikelo yawo, chipangizo chimene chikanalima zaka zina khumi chimapita pa mtengo wa thumba la mchere. Phunziro lino likusonyeza njira yozindikirira chitsulo chotero.

Kumene zinachokera

Zina zinatsala m'mafamu a fodya amene azungu anatsegula kuzungulira Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Zina zinabwera ndi ndondomeko ya Peasant Farming Scheme, imene boma la atsamunda linayambitsa m'chigawo chino mu 1948, yokongoza alimi ng'ombe, mapulawo ndi ngolo. Zinanso anabwera nazo makolo athu pochokera kuntchito ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Choncho yambani ndi kufunsa agogo a pamudzi, pakuti safunsa anadya phula.

Mafunso anayi

Loyamba: chinkayenda ndi mphamvu yanji? Ngowe yokolekapo tcheni kutsogolo ndi zogwirira ziwiri kumbuyo zikutanthauza ng'ombe. Malo atatu omangirira, awiri m'munsi ndi amodzi pamwamba, akutanthauza thirakitala. Chogwirira chopukusa ndi gudumu lolemera zikutanthauza dzanja la munthu, monga pa makina otonolera chimanga.

Lachiwiri: chinatha pati? Mbali imene inkakhudza nthaka imakhala yoperepeseka ndi yosalala, chifukwa mchenga umadya chitsulo. Ngati palibe mbali yotero, chipangizocho chinali cha pabwalo, osati cha m'munda.

Lachitatu: chinkalowa n'chiyani, ndipo chinkatulukira pati? Tsatirani njirayo ndi chala. M'mipata yake nthawi zina mumatsala makoko a mtedza, zidutswa za zitsononkho kapena fungo la fodya.

Lachinayi: palembedwa chiyani? Palani dzimbiri ndi burashi ya waya, kenaka pakani choko kuti zilembo zioneke. Ransomes ndi wa ku Ipswich, ku England. Safim ndi wa ku Vereeniging, ku South Africa. Mealie Brand ndi wa ku Bulawayo. Kampani ya Massey-Harris inaphatikizana ndi ya Ferguson mu 1953, ndipo dzina lakuti Massey Ferguson linayamba mu 1958. Motero chitsulo cholembedwa Massey-Harris chili ndi zaka zoposa 60. Cholembedwa kuti chinapangidwa ku Rhodesia ndi cha 1980 isanafike. Lembaninso manambala osindikizidwa pa chiwalo chilichonse, chifukwa ndi amene amathandiza pofunafuna china cholowa m'malo.

Chitsanzo: chodzalira chokokedwa ndi ng'ombe

Chipangizo chimene chimasokoneza ambiri ndi chodzalira cha mzere umodzi. Chitini chake cha mbewu n'chopyapyala, choncho chimayamba kudyeka ndi dzimbiri, ndipo chotsalacho anthu amachiyesa pulawo yothyoka. Koma pulawo ili ndi phiko lotembenuza dothi ndi kagudumu kakang'ono kutsogolo. Chodzalira chilibe phiko. Pansi pake pali chitsulo chopindika ngati chikwakwa, chong'ambika pawiri kumbuyo kwake: chimenechi chimatsegula kanjira, ndipo mbewu imagwera mumpatamo. Kumbuyo kuli gudumu lalikulu la mkombero wotakata, lokwirira ndi kutsendereza dothi. Gudumu lomweli, kudzera mu tcheni kapena timikono tachitsulo, limazungulitsa mbale yathyathyathya ya mabowo imene imakhala pansi pa chitini. Bowo lililonse limanyamula njere n'kuiponya pansi. Mukaona zinthu zitatuzi, chotsegulira, gudumu lakumbuyo ndi malo a mbale, musakayikenso.

Mbaleyo ndiyo chuma chenicheni. Chitini angakupangireni wokhoma ndowa pamsika wa Katete, koma mbale yoyenerana ndi makinawo ndi yovuta kupeza. Ifunefuneni m'nyumba ndi m'khola: kawirikawiri imakhala ikugwira ntchito ya chivundikiro kapena chotsekera chitseko.

Kuchidzutsa ndi kuchiyesa

Musachimenye ndi hamala. Magiya ambiri akale ndi a chitsulo chothiridwa m'chikombole, chimene chimasweka m'malo mopindika, ndipo n'chovuta kuwotcherera. Nyikani ziwalo zogwirana mu dizilo kapena palafini masiku angapo, n'kumazigwedeza pang'onopang'ono. Mabawuti ake ambiri anayezedwa m'mainchi, choncho sipanala ya mamilimita imangowononga mitu yake. Gwiritsani ntchito sipanala yosinthasintha, ndipo musataye nati ngakhale imodzi. Mukadzicheka, tsukani bala ndi sopo ndipo pitani kuchipatala chifukwa cha kafumbata.

Gudumu likayamba kuzungulira, liyeseni ng'ombe zisanamangidwe. Yezani mkombero wake ndi chingwe. Tinene kuti mwapeza mita 1.5. Tukulani makinawo, thirani mbewu, ikani thumba pansi, ndipo zungulitsani gudumu kakhumi paliwiro la kuyenda kwa ng'ombe. Ulendo umenewo ndi mamita 15. Ngati mukufuna njere imodzi ya chimanga pa masentimita 25 alionse, pathumba payenera kugwa njere 60. Pa mizere yotalikirana masentimita 90, zimenezi zimapereka mapesi pafupifupi 44,000 pa hekitala. Njere zikachepa kapena kuchuluka, sinthani mbale kapena giya. Zikatuluka zosweka, mabowo sakuyenerana ndi kukula kwa mbewu. Pa mtedza chenjerani kwambiri, chifukwa susowa kusweka.

Dziwaninso malire ake. Chodzalirachi chimafuna munda wosalazidwa, wopanda zitsa ndi zibuma zikuluzikulu. Pamwamba pa mizere younda sichiyenda bwino.

Ntchito ya mwezi uno

Wophunzira aliyense apeze chitsulo chimodzi chakale kwawo, achijambule mbali zonse zinayi pamodzi ndi zilembo zake, ayankhe mafunso anayi aja m'kope, ndipo abwere nazo m'kalasi. Inu amene munamaliza maphunziro, onetsani zithunzizo kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Chimene chapezeka kuti sichingakonzeke, chotsanimo mabawuti, magudumu ndi tcheni musanachipereke pa sikelo.