Kampani ya Alimi: Malamulo Atsogole, Cigayo Citsatire

Mgodi wa mtobvu ndi zinki umene unabala tauni ya Kabwe, yochedwa kale Broken Hill, unatsekedwa m'caka ca 1994. Lero anthu ambiri a m'derali, kufikira ku Chibombo ndi ku Kapiri Mposhi, amadya za m'munda, makamaka cimanga ndi soya. Ena amasonkherana ndalama kuti agule cigayo, makina oyengera mafuta kapena lole yonyamula mbeu. Kawirikawiri amangopangana pakamwa, ndipo pangano lotere limayenda bwino kufikira tsiku limene phindu layamba kuoneka.

Alimi otere angathe kulembetsa kampani. Lamulo la makampani la 2017 lilola anthu awiri kapena oposa, amene anakwanitsa zaka 18, kuyambitsa kampani ya masheya, ndipo eni ace a kampani yaing'ono yotere sayenera kupitirira 50. Kampani ikalembedwa, lamulo limaiyesa munthu payekha. Imagula, imagulitsa, imakongola, ndipo imaimbidwa mlandu m'dzina laceace. Ikagwa ndi ngongole, mlimi amataya zokhazo zimene analonjeza pa masheya ace, ng'ombe za m'khola mwace zimatsala. Koma pali msampha apa: banki imakonda kupempha atsogoleri kuti asainire ngongoleyo iwo eni, ndipo wosaina wadzicotsera yekha citetezo cija. Cina cimene ambiri amaiwala ndi cakuti cigayo ca kampani si ca munthu aliyense wa iwo, ngakhale amene anasonkha zambiri. Sangacizule kupita naco kwao pamene wakwiya.

Nchito yolembetsa iri m'manja mwa bungwe la Boma lochedwa PACRA, ndipo masiku ano ingacitike ndi pa intaneti pomwe. Coyamba ndi dzina, limene bungwelo limafufuza kuti lisafanane ndi la kampani ina. Pambuyo pace palembedwa fomu yopempha, yochula nchito ya kampani, malo a ofesi yace, masheya a munthu aliyense, atsogoleri osacepera awiri ndi mlembi wa kampani. Lamulo lifunanso kudziwa eni ace enieni, kuti munthu asabisale kumbuyo kwa dzina la mnzace. Zonse zikalongosoka ndi ndalama zace zitalipidwa, setifiketi imaturuka, ndipo kampani iyenera kukhala ndi nambala ya msonkho ya ku ZRA.

Izi ndi zapafupi. Pamene pafunika kukhala pansi ndi pa malamulo a kampani, amene pa Cingelezi amachedwa Articles of Association. Alipo malamulo olembedwa kale kumapeto kwa lamulo la 2017, ndipo ambiri amangowatenga osawawerenga. Si oipa ai, koma amene anawalemba sanadziwe kuti m'gulu lakuti wina anapereka thirakita, wina matumba a cimanga, wina thukuta lace lokha. Mtengo wa ciriconse ca izi uyenera kugwirizanidwa ndi kulembedwa masheya asanagawidwe. Malo ndiwo abvuta koposa. Munda wa pansi pa mfumu suli ngati famu ya taitolo, ndipo kuti ukhale wa lisi pafunika cibvomerezo ca mfumu ndi ca khonsolo, monga linenera lamulo la malo la 1995.

Alimi aganizirenso za mphamvu ya masheya. Anthu a ku Kabwe ali naco citsanzo pakhomo pao. Mu April 1968, pa Mulungushi, Dr. Kenneth Kaunda analengeza kuti Boma litenga magawo 51 mwa 100 m'makampani ena akuluakulu. Silinafune kutenga onse, pakuti wokhala ndi masheya opitirira theka ndiye mwini mau pa msonkhano. Comweco mlimi mmodzi wolemera angapambane anzace asanu ndi anai pa cisankho. Ofuna kuti munthu aliyense akhale ndi voti imodzi, wolemera ndi wosauka yemwe, njira yao ndi kopaletivu, osati kampani. Ndiponso kusintha malamulo a kampani pambuyo pace kumafuna mavoti 75 mwa 100, cotero cimene calakwika poyamba cimabvuta kukonza anthu atayamba kale kudana.

Malamulowo anene poyera amene adzasaina ku banki, ndipo ndi bwino akhale awiri, a mabanja osiyana. Anene ngati wofuna kucoka ayenera kuyamba wagulitsa masheya ace kwa anzace asanapite kwa mlendo, ndi amene adzayesa mtengo wace.

Imfa nayo isaopedwe kuichula. Masheya ndi cuma ca masiye. Munthu akafa wosalemba wilu, lamulo la 1989 limagawa cuma cace motere: magawo 50 mwa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kuwasunga. Tsono kampani ya alimi asanu ingapezeke ndi eni ace khumi ndi asanu, ena a iwo ana a sukulu, ngati malamulo sananene kuti otsalawo angagule masheyawo ndi kupereka ndalama kwa amasiye.

Caka ndi caka kampani iyenera kutumiza lipoti lace ku PACRA, ngakhale mvula inabvuta ndipo cigayo cinangokhala. Yolephera imalipitsidwa cindapusa, ndipo ikapitiriza ingafafanizidwe m'buku la makampani.