Cimene Cinagwetsa Gulu la Covenant m'Masewera a Halo

Anzanga ambiri amaganiza kuti m'masewera a mfuti a pa kanema mulibe kanthu kena koma kuombera basi, ndipo aphunzitsi athu ena amati ngotayitsa nthawi. Pa masewera ena akunenadi zoona. Koma ine ndifuna kukuuzani za masewera ochedwa Halo, cifukwa ndaona kuti munthu angathe kuwawerenga monga tiwerengera buku m'kalasi, nafunsa kuti akumenyana ndani, alimbirana ciani, ndipo wogonjayo camgonjetsa nciani.

Masewerawa anapangidwa ku America ndi kampani ya Bungie, ndipo oyamba anaturuka m'caka ca 2001 pa makina ochedwa Xbox. Nkhani yace njopeka, ndipo icitika m'caka ca 2552. Anthu anamwazikana namanga midzi pa maiko ambiri a kuthambo, koma kuyambira 2525 akhala ali pa nkhondo ndi gulu la zolengedwa zacilendo lochedwa Covenant, ndiko kunena Pangano. Wosewera amakhala msilikari wochedwa Master Chief, amene ayenda ndi mlangizi wace Cortana. Cortana si munthu ai, koma nzeru za kompyuta zolankhula naye m'cisoti. Combo cao, Pillar of Autumn, cithawa ku dziko la Reach limene adani alitentha, ndipo cikafika pa cinthu codabwitsa, dziko lopangidwa ngati mkombero wa njinga, kupingasa kwace makilomita 10,000. M'kati mwace muli mapiri, nyanja ndi mitengo. Mkombero umenewu ndiwo Halo.

Tsono tiyang'ane adani aja. M'gulu la Covenant muli mitundu yambiri yolumbira pangano limodzi, ndipo mtundu uli wonse uli ndi malo ace. Pamwamba pali Aneneri atatu, Truth, Mercy ndi Regret, amene sagwira mfuti koma ndiwo alamula. Pansi pao pali a Elite, atali ndi onyada, atsogoleri a nkhondo. Kenaka pali a Jackal onyamula zishango pa mkono, ndi a Hunter oyenda awiriawiri, obvala zitsulo zolemera. Pansi penipeni pali a Grunt, aafupi ndi amantha, osenza zitini za mpweya wao kumsana, ndipo ndiwo amatumizidwa patsogolo kukafa. Onsewa apembedza mtundu wakale wochedwa Forerunner umene unamanga mikombero isanu ndi iwiri, ndipo akhulupirira kuti akaiyatsa adzanyamuka ulendo waukuru wokasanduka milungu.

Cimene ndikonda ine ndi ici, kuti makhalidwe a gululi wosewera amawaphunzira ndi manja ace asanauzidwe ndi munthu. Msilikari wathu aloledwa kunyamula mfuti ziwiri zokha ndi mabomba oponya pamanja, motero ayenera kusankha mwanzeru. Ali ndi cishango cosaoneka cimene cimatha akamlasa, koma cimabwerera akabisala kanthawi. A Elite nawonso ali naco cishango cotere. Mfuti za moto za a Covenant zimaswa cishango msanga, pamene zipolopolo za anthu zimalowa bwino m'thupi. Cifukwa cace wocenjera amatola mfuti ya mdani, naswa nayo cishango ca Elite, ndi kumtsiriza ndi mfuti yace. Ndipo taonani! Elite akangogwa, a Grunt amene anali naye amabalalika akukuwa, manja ali m'mwamba. Apa tiphunzira kuti ankhondo amenewa agwirizana cifukwa ca kuopa wowayang'anira, ndipo iye akacoka palibe cowagwira. Kwa anthu nkosiyana. Galimoto yao yankhondo, Warthog, ifuna wina woyendetsa ndi wina woombera kumbuyo, ndipo woyendetsa sangaombere yekha. Akuru anati kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu.

Pakati pa masewerawo paoneka mdani wina amene palibe anamyembekeza, dzina lace Flood, ndiko kunena Cigumula. Tizirombo timeneti timalowa m'thupi monga acitira matekenya, koma tikalowa timalanda thupi lonse nkulisandutsa kapolo. Sitisankha munthu kapena Elite, ndipo sitibisala kapena kuthawa monga acitira adani ena, kotero nzeru zonse zimene wosewera anaphunzira kale zimasanduka zopanda nchito. Pamenepo coonadi cimaturuka. A Forerunner anamanga mikombero ija kuti ikhale zida. Atalephera kugonjetsa Flood, zaka 100,000 zapitazo, anaiyatsa kuti iphe zamoyo zonse zoganiza, Flood afe ndi njala. Ulendo waukuru wa a Covenant ndi imfa ya onse. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Master Chief yemwe anatsala pang'ono kuuyatsa mkombero, ponyengedwa ndi makina ousunga ochedwa 343 Guilty Spark, koma Cortana anamletsa, ndipo pamapeto anauphwasula.

Masewera aciwiri anaturuka mu 2004, ndipo opanga anacita cinthu cimene cinadabwitsa ambiri. Anapatsa wosewera mwai wokhala mdani. Kazembe wa a Elite amene analephera kuchinjiriza mkombero uja anacititsidwa manyazi pamaso pa khamu, nasindikizidwa cizindikiro ca moto pa cifuwa. Kenaka Aneneri anampatsa udindo wa Arbiter, ndiwo udindo wa msilikari wotumidwa ku nchito zoti akafere komweko. Poyenda naye timaona kuti iye ngwokhulupirika, ndipo acita zonse ndi mtima woona. Koma Master Chief atapha Mneneri Regret, Aneneri otsala anati a Elite alephera kuwalonda. Anawalanda ulondawo naupatsa a Brute, mtundu wina waukali umene unali kudana ndi a Elite kuyambira kale, nalamula kuti atsogoleri a Elite aphedwe. Nkhondo ya paciweniweni inabuka, ndipo Pangano linang'ambika pakati. M'masewera acitatu a 2007 a Elite amenya nkhondo pamodzi ndi anthu, ndipo Arbiter yemweyo ndiye apha Mneneri Truth.

Kodi nanga nkhondo yonseyi inayambiranji? Buku la Joseph Staten lochedwa Contact Harvest, la caka ca 2007, lifotokoza kuti Aneneri atatuwo anadziwa pa ciyambi pomwe kuti anthu ndiwo anasiyiridwa colowa ca a Forerunner. Anaona kuti cinthuci cikamveka cipembedzo cao cidzagwa, ndi mipando yao yomwe. Motero anabisa, nalengeza kuti anthu ngonyansa pamaso pa milungu, ayenera kutheratu. A Grunt osawerengeka ndi a Elite olimba mtima anafera bodza la atsogoleri atatu.

A Covenant anali ndi zombo zazikuru ndi zida zoposa za anthu, ndipo pa zaka 27 anali kupambana. Cimene cinawagwetsa cinali m'nyumba mwao momwe. Ifenso pano pa sukulu tacokera ku maboma osiyanasiyana, ndipo tigona m'nyumba imodzi, akuru ndi ang'ono. Ena a ife apatsidwa udindo woyang'anira anzao, ndipo ena adzaupatsidwa caka ca mawa. Ndipempha amenewa adzifunse ngati ang'ono amawamvera cifukwa ca kuwakhulupirira kapena cifukwa ca mantha okha. Ndipo inu amene mudzagwira masewerawa pa chuthi, musangowerenga adani amene mwagwetsa. Yang'ananinso amene amawatuma, ndi cimene anawauza.

Wophunzira wa mu Fomu 3