Phunziro la Kompyuta: Chigayo Chimodzi, Matumba a Anthu Ambiri



Teremu ino m'kalabu ya kompyuta tikupanga pulogalamu ya pa foni yowerengera zakaat ya chimanga. Tikugwiritsa ntchito MIT App Inventor, chida chaulere chimene chinatuluka ku Google mu 2010, koma lero chili m'manja mwa yunivesite ya MIT ku America. M'menemu munthu amangokoka mabuloko amitundumitundu n'kuwalumikiza, pulogalamu n'kuyamba kugwira ntchito.

Chigawo chogwira ntchito kambirimbiri

Taganizirani chigayo cha pa Nkhamenya. Mwini wake samanga chigayo chatsopano pa munthu aliyense. Mumabwera ndi chimanga chanu, mumanena ngati mukufuna mgaiwa kapena kukonola, n'kutenga chanu kupita. Mu App Inventor chigawo chotere chimatchedwa procedure. Mumachimanga kamodzi, n'kumachiitana paliponse pamene mwachifuna.

Chathu tachitcha werengeraZakaat, ndipo chili ndi makomo awiri olandirira: kulemera kwa zokolola ndi mlingo wa zakaat. Mbewu ya mvula imapereka 10 pa 100, pomwe yothiriridwa movutikira, monga ndi pampu ku dimba, imapereka 5 pa 100. Mlimi amene wakolola matumba 20 a makilogalamu 50 ali ndi makilogalamu 1,000. Ngati ndi chimanga cha mvula, chigawocho chibweza 100, kutanthauza matumba awiri. Ngati n'chothirira, chibweza 50, thumba limodzi. Chigawo n'chomwecho, chasintha n'chimene tachipatsa.

Pamene ambiri amagwa

Pulogalamu yathu ili ndi masikirini awiri. Pa Screen1 mlimi amalemba zokolola zake, pa Screen2 pamaoneka yankho. Gulu lina linasunga nambala mu variable ya pa Screen1, kenako linapanga ina ya dzina lomwelo pa Screen2. Litayesa, foni inati zakaat ndi 0. Chifukwa chake n'chakuti sikirini iliyonse ili ndi nkhokwe yakeyake. Mayina kufanana si ubale. Nambala siyenda yokha, iyenera kutumizidwa.

Katumizidwe kake

1. Pa Screen1 mangani manambala awiriwo pamodzi ndi buloko ya make a list, kulemera poyamba, mlingo pambuyo.
2. Lumikizani mndandandawo ku buloko ya open another screen with start value.
3. Pa Screen2 ulandireni ndi get start value.
4. Tulutsani chilichonse ndi select list item. Kuwerenga kumayambira pa 1: kulemera ndi 1, mlingo ndi 2.
5. Perekani ziwirizo kwa werengeraZakaat, imene ikhale pa Screen2 pomwepo.

Zimene mukufuna kuti zisafufutike foni ikazima, monga kaundula wa opereka, zisungeni mu TinyDB. Masikirini onse angathe kuwerenga m'menemo, bola dzina la tag lilembedwe mofanana.

Chifukwa chake tikulimbikira

Zakaat ndi gawo la osauka ndi osowa, si mphatso yathu. Nambala ikatayika panjira, thumba la mayi wamasiye latayika nayo. Choncho musanakhulupirire foni, werengerani pa pepala n'kuyerekeza. Kumbukiraninso kuti zokolola zimayamba kupereka zakaat zikafika pa nisaab. Za mlingo umenewu tidzafunsa a Shehe tisanauike m'pulogalamu.

Ntchito ya kunyumba

Funsani makolo matumba amene anakolola chaka chino. Lembani m'kope zimene Screen1 itumize, zimene Screen2 ilandire, ndi yankho loyenera kutuluka. Makolo, chonde athandizeni ana ndi manambala oona. A komiti, tikukupemphani mudzaiyese pulogalamuyi ndi kaundula wanu wa chaka chatha tisanaipereke kwa anthu, Insha Allah.

Wassalam.