Mwana Wanu Wayamba Mowa Kapena Chamba? Musamuthamangitse

Makolo ambiri akazindikira kuti mwana wayamba kachasu, mowa wa m'timabotolo kapena chamba, amagwira chikwapu kapena kumupitikitsa pakhomo. Mkwiyowo ndi womveka. Koma mwana wothamangitsidwa amakagona kwa anzake omwe amamwa nawo, kumene kulibe womusamala akakomoka.

Lamulo sililola kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo ubongo umakhwimabe mpaka zaka pafupifupi 25. Tonse tikufuna kuti mwanayo asiyiretu. Koma kusiya kumatenga nthawi, ena amasiya n'kuyambiranso. Pa nthawi yonseyo, ntchito yanu yoyamba ndi kumuteteza kuti asafe, asalumale, asatenge matenda.

Lankhulani naye mowa utamuchoka. Mufunseni chomwe amamwa, amamwa ndi ndani, ndiponso chomwe chikumusowetsa mtendere. Kenaka muuzeni mosapsatira kuti asasakanize mowa ndi mapiritsi ogonetsa kapena mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, chifukwa kupuma kumatha kuima. Asamwe mowa wosadziwika komwe wachokera: wina umakhala ndi methanol, yemwe amachititsa khungu. Asakwere kabaza wa munthu woledzera. Ngati wagonana ndi munthu popanda kondomu, apite kuchipatala pasanathe maola 72 kukalandira PEP, mankhwala oteteza ku HIV. Mulonjezeninso kuti zikamuvuta usiku akuimbireni, mukamutenga, ndipo zodzudzulana zidikire kuche.

Akakomoka ndi mowa, mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwe, mufunditseni, ndipo mukhale naye. Musamuthire madzi ozizira, musamusanzitse, musamumwetse kanthu asanatsitsimuke. Mawu akuti "musiyeni agone, mowa utsika" apha anthu. Ngati sakudzuka mukamugwedeza, akupuma mwapatalipatali, thupi lazizira kapena akuphupha ngati wakhunyu, thamangirani naye kuchipatala ndipo muwauze achipatala zonse zomwe wamwa, osabisa chifukwa cha manyazi.

Amene wazolowera kumwa kwambiri tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi payekha. Amatha kunjenjemera, kuona zilubwelubwe ndi kugwa khunyu. Asiye mothandizidwa ndi achipatala.

Yambirani kuchipatala chapafupi, kapena imbani kwaulere pa 116, nambala yothandiza ana. Thandizo lina lili ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku Zomba Mental Hospital. Musamutumize yekha, mupite naye.