Kusankha Kompyuta ndi Zida Zojambulira Nyimbo pa Linux

Zolinga za phunziroli

Pomaliza phunziroli mudzatha:
1. kufotokoza njira imene mawu amadutsa kuchokera kwa woimba mpaka kulowa m'kompyuta;
2. kutchula zida zofunika pojambula nyimbo;
3. kufotokoza chimene chimachedwetsa mawu;
4. kuyesa chida musanachigule.

Mawu atsopano

Linux: pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, imene aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito.
Purosesa: kachipangizo kamene kamawerengera zonse m'kompyuta.
RAM: malo amene kompyuta imaikapo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito nthawi imeneyo.
SSD: chosungiramo mafayilo chopanda mbale yozungulira m'kati.
Buffer: kagulu ka manambala a mawu amene kompyuta imanyamula ulendo umodzi.
Milisekondi: gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Linux n'chiyani?

Kompyuta iliyonse imakhala ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kiyibodi, sikirini, mafayilo ndi mawu. Ambiri amadziwa Windows ya kampani ya Microsoft ndi macOS ya kampani ya Apple. Linux nayo imagwira ntchito yomweyi. Anaiyambitsa ndi Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland.

Malangizo onse amene anapangira Linux ali poyera. Aliyense akhoza kuitenga, kuisintha ndi kugawira anzake. Mukaikopera mnzanu pa fulashi, simunaphwanye lamulo. Ichi n'chinthu chachikulu kwa kwaya ya pampingo kapena bandi ya achinyamata imene ndalama zake n'zochepa. Ndalama zimene zikanagula pulogalamu zikhoza kugula maikolofoni yabwino.

Koma pali chinthu chimodzi chofunika kusamala. Makampani ambiri opanga zida za nyimbo amaganizira Windows ndi macOS zokha. Munthu wogwiritsa ntchito Linux akagula chida mwachimbulimbuli, akhoza kufika nacho kunyumba n'kupeza kuti kompyuta sikuchizindikira. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa kaye njira ya mawu tisanatulutse ndalama.

Njira imene mawu amadutsa

Woimba akaimba, mpweya umanjenjemera. Maikolofoni imamva kunjenjemerako n'kukusandutsa mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi. Mphamvuyo imayenda m'chingwe n'kukalowa m'kabokosi ka mawu. Anthu a m'masitudiyo amakatchula kuti saundi khadi, ndipo pa katoni yake amalembapo kuti audio interface.

Kabokosika kamachita ntchito ziwiri. Koyamba kamakuza mphamvu yochokera ku maikolofoni. Kenako kamaiyeza n'kuisandutsa manambala, pakuti kompyuta imasunga manambala okhaokha. Kuyezaku kumachitika mofulumira zedi. Nyimbo ya pa CD imakhala kuti inayezedwa maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse. Opanga mavidiyo amagwiritsa ntchito maulendo 48,000.

Muyezo uliwonse umalembedwa ndi timanambala totchedwa mabiti. CD ili ndi mabiti 16, koma pojambula ndi bwino kusankha mabiti 24. Mukatero simufunika kukweza mawu kwambiri polowa, ndipo woimba akafuula mwadzidzidzi mawu sang'aluka.

Pomvetsera, ulendowu umabwerera. Manambala amachoka m'kompyuta, kabokosi kamawasandutsanso mphamvu ya magetsi, ndipo mahedifoni kapena masipika amagwedeza mpweya kuti khutu limve.

Yambani ndi kabokosi ka mawu

Ambiri amayamba ndi kufunsa kuti, "Ndigule kompyuta yanji?" Pa Linux funso loyamba likhale la kabokosi. Kabowo ka maikolofoni ka pa laputopu anakapangira kuyankhulana chabe. Kamalowetsa phokoso ndipo sikalandira chingwe cha maikolofoni ya situdiyo.

Kuti kompyuta imvane ndi chida chilichonse, pamafunika kapulogalamu kotchedwa driver. Pali mabokosi ena amene amatsatira malamulo odziwika a USB, amene Linux imawadziwa kale. Oterewa amawatchula kuti class compliant. Mukangolumikiza chingwe, kabokosi kamayamba kugwira ntchito popanda kuikamo china chilichonse. Focusrite Scarlett 2i2 ndi Behringer UMC202HD ndi zitsanzo za mabokosi otere. Sungani mawu akuti class compliant pamtima, ndipo muwayang'ane pa katoni kapena m'kabuku ka malangizo.

Werenganinso mabowo olowetsera mawu. Mabokosi awiri tawatchulawa ali ndi mabowo awiri. Amakwanira woimba mmodzi ndi gitala yake, kapenanso kwaya yonse ngati mwaiikira maikolofoni kumanja ndi kumanzere. Bandi imene ikufuna kujambula ng'oma, gitala, besi ndi mawu nthawi imodzi ifunika mabowo anayi kapena kuposa apo. Behringer UMC404HD ili ndi anayi.

Onaninso mtundu wa maikolofoni yanu. Ya mtundu wa dynamic, monga Shure SM58 imene mumaiona m'madansi ndi m'matchalitchi, sifuna magetsi. Ya mtundu wa condenser imamva ngakhale mawu a pansipansi, koma imafuna magetsi a mavoti 48 ochokera m'kabokosi. Yang'anani batani lolembedwa 48V. Mitundu yonse iwiri imalumikizidwa ndi chingwe cha mano atatu chotchedwa XLR, chimene chimachepetsa kulira kwa magetsi ngakhale chitatalika.

Kompyuta yoyenera

Kujambula mawu sikufuna kompyuta yodula ngati ya opanga mafilimu. Laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ikhoza kukwanira, bola muone zinthu zinayi izi.

Choyamba ndi purosesa. Ya Intel Core i5 kapena AMD Ryzen 5 imakwanira ntchito zambiri. Purosesa imalemedwa kwambiri pomikisa, ndiko kusakaniza mawu onse ojambulidwa, pamene mwaika zokometsera mawu pa chida chilichonse.

Chachiwiri ndi RAM. Ya 8 GB imakwanira kujambula kwaya kapena bandi. Ngati mukufuna kuimba piyano, malipenga ndi ng'oma za m'kompyuta momwemo, 16 GB ndiyo yabwino.

Chachitatu ndi chosungiramo mafayilo. Sankhani SSD chifukwa imawerenga ndi kulemba mofulumira, komanso siichita phokoso. Tiyeni tiwerengere malo ofunika. Mabiti 24 ndi mabaiti 3. Tikachulukitsa 48,000 ndi 3 tipeza mabaiti 144,000 pa sekondi. Pa mphindi imodzi ndi mamegabaiti oposa pang'ono 8 ndi theka. Imeneyi ndi njira imodzi yokha ya mawu, monga ya maikolofoni imodzi. Nyimbo ya mphindi 5 yokhala ndi njira 16 imadya pafupifupi mamegabaiti 700, ndipo mukabwereza kuimba malo amatha msanga. Khalani ndi chosungiramo china chapadera, ndipo muzikoperamo ntchito yanu tsiku lililonse.

Chachinayi ndi phokoso la kompyutayo. Fani ikamalira kwambiri, maikolofoni ya condenser imaijambula pamodzi ndi woimba. Iyatseni ndi kuimvetsera musanagule.

Kumene magetsi amathimathima, laputopu ili ndi ubwino wina. Batire lake limapitiriza ntchito, ndipo mabokosi ang'onoang'ono amatenga mphamvu pa chingwe cha USB chomwecho. Amene wasankha kompyuta ya padesiki agulenso UPS, chida chosunga magetsi kwa mphindi zingapo, kuti athe kusunga ntchito yake kompyuta isanazime.

Chifukwa chiyani mawu amachedwa?

Woimba amavala mahedifoni kuti azidzimva. Mawu ake akamamufika mochedwa, amasokonezeka ndipo amataya kayendedwe ka nyimbo. Kuchedwaku kumachokera ku buffer.

Taganizirani munthu amene akuthirira dimba ndi madzi a pachitsime. Akatenga kandowa kakang'ono, kamadzaza msanga ndipo madzi amafika msanga ku mbewu, koma amayenda maulendo ambiri n'kutopa. Akatenga chindowa chachikulu, maulendo amachepa, koma mbewu zimadikira kuti chidzaze. Kompyuta nayo imatero. Siinyamula nambala imodziimodzi. Imadikira kuti buffer idzaze, kenako n'kunyamula zonse pamodzi.

Tiyeni tione manambala. Ngati tikuyeza maulendo 48,000 pa sekondi, buffer ya miyezo 128 imadzaza pa mamilisekondi pafupifupi 2.7. Ya 256 imatenga 5.3. Ya 1,024 imatenga 21.3. Kumbukirani kuti mawu amadikira polowa ndi potuluka pomwe, choncho kuchedwa konse kumaposa kawiri manambala amenewa. Ojambula ambiri amayesetsa kuti kuchedwa konse kukhale pafupi ndi mamilisekondi 10. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi mu mpweya, ndiye mamilisekondi 10 ndi nthawi imene amatenga kuchokera pa sipika imene ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 3 ndi theka.

Buffer ikachepetsetsa, purosesa imalephera kumaliza ntchito pa nthawi yake. Zikatero mumamva kuthetheka ndi kudukaduka m'nyimbo. Anthu a Linux amatchula vutoli kuti xrun. Lamulo lake ndi ili: pojambula ikani buffer yaing'ono, monga 128 kapena 256, pomikisa ikani yaikulu, monga 1,024, chifukwa nthawi imeneyo palibe woimba amene akudikira. Mabokosi ambiri alinso ndi batani lolembedwa direct monitor, limene limatumiza mawu ku mahedifoni asanalowe m'kompyuta. Kompyuta yanu ikakhala yofooka, batani limeneli lidzakuthandizani kwambiri.

Mtundu wa Linux ndi mapulogalamu ake

Linux ili ndi mitundu yambiri. Wina wodziwika ndi Ubuntu, umene unatuluka koyamba mu 2004 kuchokera ku kampani ya Canonical, yoyambitsidwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Mu 2007 munatuluka Ubuntu Studio, yokonzedwera oimba, ojambula zithunzi ndi opanga mavidiyo. Woyamba kumene ayambe ndi imeneyi, chifukwa zambiri anazitchera kale kuti mawu asamachedwe. Sankhani yolembedwa LTS, monga 24.04. Ya LTS imatuluka mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo imasamalidwa nthawi yaitali kuposa zinazo.

M'kati mwa Linux muli magawo amene amanyamula mawu. ALSA ndiyo imayankhula ndi kabokosi. JACK, imene anailemba Paul Davis, imalumikiza mapulogalamu a nyimbo kuti azipatsirana mawu mosachedwa. Masiku ano mitundu yambiri ikugwiritsa ntchito PipeWire, yolembedwa ndi Wim Taymans, imene imagwira ntchito ya JACK pamodzi ndi ya mawu a tsiku ndi tsiku. Fedora, mtundu wina wa Linux, inayamba kuigwiritsa ntchito pa mawu mu 2021, ndipo Ubuntu inatsatira.

Pojambula ndi kumikisa njira zambiri pali Ardour, yomwenso inayambitsidwa ndi Paul Davis. Audacity, imene inatuluka mu 2000, ndi yosavuta podula ndi kukonza mawu. Hydrogen ndi yopangira ng'oma, pamene LMMS ndi yopangira nyimbo m'kompyuta momwemo. Dziwaninso kuti FL Studio ndi Cubase, zimene ambiri anazizolowera, sanazipangire Linux. Reaper ndi Bitwig Studio n'zogula, koma zili ndi mtundu wa Linux.

Pa tsiku lojambula, lumikizani laputopu ku magetsi ngati alipo, sankhani kuti purosesa igwire ntchito ndi mphamvu zonse, ndipo tsekani intaneti ndi mapulogalamu ena onse.

Yesani musanagule

Linux imatha kuyenda kuchokera pa fulashi popanda kufufuta chilichonse m'kompyuta. Tsatirani njira izi:
1. Pemphani wodziwa akuikireni Ubuntu Studio pa fulashi ya 16 GB.
2. Lowetsani fulashiyo m'kompyuta imene mukufuna kugula, ndipo muiyatse kuchokera pa fulashipo.
3. Lumikizani kabokosi, maikolofoni ndi mahedifoni.
4. Tsegulani Ardour n'kuona ngati dzina la kabokosi likuoneka.
5. Ikani buffer pa 256, jambulani mawu kwa mphindi 5, kenako mvetserani ngati muli kuthetheka.

Mafunso

1. Kodi kabokosi ka mawu kamachita ntchito ziwiri ziti?
2. Mawu akuti class compliant akutanthauza chiyani kwa wogula?
3. Ndi maikolofoni ya mtundu uti imene imafuna mavoti 48?
4. N'chifukwa chiyani timaika buffer yaing'ono pojambula, koma yaikulu pomikisa?
5. Tchulani mapulogalamu awiri ojambulira mawu pa Linux.

Masamu

Njira imodzi ya mawu imadya mamegabaiti pafupifupi 9 pa mphindi. Kwaya yajambula nyimbo ya mphindi 6 pa njira 2. Kodi nyimboyo yadya mamegabaiti angati?

Ntchito ya pagulu

Khalani m'magulu a anthu anayi. Sankhani kwaya kapena bandi ya m'dera lanu. Lembani zida zonse zimene ingafune kuti ijambule nyimbo imodzi, kuyambira pa maikolofoni mpaka pa mahedifoni. Fotokozerani anzanu chifukwa chimene mwasankhira chida chilichonse.

Mawu kwa inu wophunzira

Nyimbo za m'mudzi mwanu, za kumpingo kwanu ndi za ana anu n'zoyenera kusungidwa bwino. Kuti zimenezi zitheke simufunika zida zodula kuposa za wina aliyense. Mufunika zida zomvana ndi Linux komanso zokwanira ntchito yanu. Popita kukagula, tengani fulashi yanu, funsani mafunso mopanda manyazi, ndipo musapereke ndalama musanamve mawu anu akutuluka bwino m'mahedifoni.