UDZU WA PAKHOMO M'NYENGO YA DZINJA

Mvula ikagwa bwino mlimi akondwera pakuti cimanga cikula. Koma mvula yomweyo ikulitsanso udzu pamakomo a m'tauni. Mu January ndi February, pamene mvula igwa masiku otsatizana, udzu umene munthu wachecha pa Ciweru ukhala utaphukanso Ciweru cina cisanafike. M'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika mu Chipata, ndiponso ku Katete, Petauke ndi Lundazi, si cacilendo kuona udzu wofika m'maondo kuseri kwa nyumba ndi m'mbali mwa ngalande. Nyengo yomweyi ndi imenenso mizere ya odwala italika pa makiliniki. Phunziro lino lifotokoza mabvuto amene udzu wautali ubweretsa, ndi m'mene banja lingasamalire bwalo lake popanda kudzibvulaza.

KODI UDZUDZU UBADWIRA MU UDZU?

Anthu ambiri akhulupirira kuti udzudzu ucokera mu udzu kapena m'mapesi a cimanga cobzalidwa pakhomo. Izi si zoona. Udzudzu wa malungo, wochedwa Anopheles, ubadwira m'madzi oima. Waukazi, umene ndiwo uluma anthu, uikira mazira 50 kufikira 200 pa nthawi imodzi pamwamba pa madzi. Pakapita masiku awiri kapena atatu mazira aja aswa timphutsi tosambira. M'nyengo yotentha timphutsi timeneti tisanduka udzudzu wouluka pa masiku 7 kufikira 14. Udzudzu umenewu sufuna dambo lalikulu ai. Cithaphwi cacing'ono coombedwa ndi dzuwa, mkwasa wa tayala la galimoto, kapena dzenje limene anakumbamo dothi la njerwa, zonsezi ziukwanira.

Tsono udzu wautali ulakwa ciani? Coyamba, ubisa madzi. Pansi pa udzu wofika m'maondo munthu sangaone cithaphwi, citini, botolo losweka kapena tayala lakale lodzaza madzi. Caciwiri, udzu womera m'ngalande ugwira zinyalala ndi matope, madzi naleka kuyenda. Cacitatu, udzudzu wina ubisala mumthunzi wa udzu usana kuthawa dzuwa.

Cotero kuchecha udzu kuthandiza makamaka cifukwa kuonetsa poyera malo amene madzi aima. Wochecha udzu n'kusiya zithaphwi wagwira theka la nchito cabe. Ndiponso udzudzu wa malungo uuluka mtunda woposa kilomita imodzi, ndipo wambiri upumula m'kati mwa nyumba, pazipupa ndi kuseri kwa zobvala zopacikidwa. Ndiye cifukwa cake banja la bwalo loyera liyenerabe kugona mu neti usiku uliwonse ndi kulola opopera mankhwala kulowa m'nyumba akabwera. Wina akatentha thupi, ayenera kukapimidwa magazi pa kiliniki tsiku lomwelo, makamaka mwana wosakwana zaka zisanu ndi mai wapathupi. Mankhwala a Coartem, amene analowa m'malo mwa chloroquine m'Zambia, amwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo wodwala ayenera kutsiriza onse ngakhale ayambe kumva bwino pa tsiku laciwiri.

KUCHECHA KAPENA KULAMBULA?

Mabanja ena, potopa ndi udzu, atenga khasu nalambula bwalo lonse kuti likhale dothi lokhalokha. M'cilimwe bwalo lotere lioneka bwino, koma m'dzinja libweretsa bvuto lina. Madzi ocokera pa malata akumba nthaka, tsache nalonso licotsa dothi pang'ono m'mawa uliwonse, ndipo pakapita nyengo bwalo likhala ndi timaenje tosunga madzi. Nyumba zina zifika pooneka maziko cifukwa ca kukokoloka kumeneku.

Kapinga wamfupi agwira nthaka ndi mizu yake, nathandiza madzi kulowa pansi msanga. Njira yabwino ndiyo kulambula kanjira ka mita imodzi kuzungulira nyumba, kwinanso kopita ku cimbudzi ndi ku mpope, koma kwina konse kusiya kapinga wochechedwa bwino. Pamene madzi a pa malata agwera payenera kuikidwa miyala kapena zidutswa za njerwa, ndi kangalande kowatsogolera ku ngalande yaikulu. Pamalo polowa pansi pathiridwe dothi kapena mcenga, patsindiridwe, ndi kubzalapo timizu ta kapinga. M'dzinja kapinga agwira msanga popanda kuthirira.

KACHECHEDWE KABWINO

1. Nthawi ya mvula yambiri udzu uchechedwe kamodzi pa sabata. Udzu wamfupi utha pa kanthawi kocepa, koma wa mwezi wathunthu utha tsiku lonse ndi kupweteketsa msana.

2. Asanayambe, wochecha ayende pabwalo ponse ndi ndodo, akumenya udzu patsogolo pake, natola miyala, mawaya, mabotolo ndi zitini. Ndodo ithamangitsa njoka, ndipo kutola miyala kupulumutsa maso ndi mawindo.

3. Adikire mame ndi madzi a mvula aume. Udzu wonyowa ugona pansi osadulika bwino, cikwakwa citerereka m'manja, ndipo phazi nalo literereka.

4. Kapinga asametedwe kufika pa dothi. Asiyidwe wautali ngati zala zitatu zopingasa, pafupifupi masentimita 5. Wometedwa kwambiri afooka, dothi lioneka, ndipo udzu wa cabecabe ndiwo umera pamenepo. Ngati udzu watalika kale, ndi bwino kuudula pamwamba coyamba ndi kubwerezanso patapita masiku atatu.

5. Udzu wodulidwa ukokedwe tsiku lomwelo. Ukasiyidwa milumilu pa kapinga uola ndi kupha wapansi pake. Usatayidwe m'ngalande kapena pamseu. Uunjikidwe pamalo okwera, kutali ndi khomo, posanjikiza ndi dothi pang'ono ndi kuutembenuza nthawi ndi nthawi, ndipo pakapita miyezi ingapo usanduka manyowa a m'dimba la ndiwo. Dzenje la manyowa losiyidwa losadzaza m'dzinja lisanduka citsime ca udzudzu.

6. Akamaliza, ayang'ane pamene pali madzi oima, akwirire kapena awatsegulire njira. Zitini ndi matayala zicotsedwe, migolo yosungira madzi ibvundikiridwe.

NGOZI ZA CIKWAKWA NDI MAKINA

Mabala a cikwakwa acuruka m'dzinja, ndipo kawirikawiri agwera pamsongolo kapena paphazi. Wochecha abvale nsapato za jombo ndi buluku lalitali, osati mapatapata. Anthu awiri akamachecha pamodzi atalikirane mokwanira kuti zikwakwa zisakumane. Ana aang'ono akhale m'nyumba kapena patali, pakuti kamwala kothamangitsidwa ndi cikwakwa kangathe kuphulitsa diso. Cigwiriro cogwedera cikonzedwe nchito isanayambe.

Bala likacitika, litsukidwe ndi madzi ambiri oyera ndi sopo, lipanidwe ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke, ndipo wobvulala apite ku kiliniki tsiku lomwelo. Pabala pasaikidwe dothi, phulusa, ndowe kapena mafuta a galimoto. M'dothi ndi m'ndowe mukhala tizilombo ta kafumbata, matenda oumitsa nsagwada ndi kukokana thupi lonse, amene apha anthu ambiri owadwala. Ngakhale bala laling'ono la msomali kapena waya wobisika mu udzu lingalowetse tizilomboti. Pa kiliniki aona ngati munthuyo afunika katemera. Odwala matenda a shuga asacedwe konse, pakuti mabala ao a kumapazi sapola msanga.

Amene ali ndi makina ochechera a magetsi asawagwiritse nchito pa udzu wonyowa, ndipo nthambo yosendeka isalumikizidwe ndi mapepala a pulasitiki. Udzu ukatsekera mpeni wa makina, makinawo azimitsidwe ndi kucotsedwa ku magetsi dzanja lisanalowe pansi. Mabingu akayamba, wochecha aleke nchito nalowe m'nyumba. Kubisala pansi pa mtengo ndi ngozi yaikulu pa nthawi ya mphezi.

NJOKA

Udzu wautali uitana acule ndi makoswe, ndipo njoka zitsata cakudya cimeneco. Mphiri ndiyo yoopsa kwa ochecha ndi ana, cifukwa siithawa ikamva mapazi. Igona duu, ndipo khungu lake lifanana ndi masamba ouma. Milu ya njerwa, nkhuni ndi malata akale ikhale kutali ndi nyumba, ndipo wopita ku cimbudzi usiku anyamule tochi ndi kubvala nsapato.

Munthu akalumidwa, acotsedwe pafupi ndi njokayo, agonekedwe ndi kulimbikitsidwa mtima. Mphete, makoza ndi nsapato zibvulidwe kutupa kusanayambe. Mwendo kapena mkono wolumidwa umangiridwe ku kathabwa mosathina kuti usagwedezeke, ndipo munthuyo anyamulidwe kupita ku cipatala mwamsanga, asayende yekha ngati pali omunyamula. Pasatemedwe mphini, pasayamwidwe, ndipo pasamangidwe lekeni kapena cingwe cothina. Ululu wa mphiri uononga mnofu, ndipo cingwe cothina cionjeza kuonongekako kufikira mwendo ungadulidwe. Kuyamba kupita kwa sing'anga kapena kusaka njokayo kutaya nthawi yofunika. Ngati njoka yalabvulira m'maso, atsukidwe nthawi yomweyo ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15 kapena kuposa, kenaka munthuyo apite ku cipatala.

KUYANIKA ZOBVALA PA KAPINGA

Amai ambiri, dzuwa likangooneka pang'ono, ayala matewera ndi zobvala pa kapinga kuti ziume msanga. M'dzinja cizolowezi cimeneci cibweretsa mphutsi za pakhungu. Pali mtundu wa nchenche umene uikira mazira pa dothi lonunkha mkodzo ndi pa nsalu zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Mwana akabvala nsalu yotere, kamphutsi kalowa m'khungu. Patapita masiku ocepa patuluka cotupa conga cithupsa, cokhala ndi kabowo pakati, ndipo mwana alira usiku cifukwa kamphutsiko kayendayenda m'kati. Agalu naonso agwidwa ndi bvuto lomweli.

Zobvala ziyanikidwe pa waya padzuwa, ndipo zisitidwe mbali zonse ziwiri ndi nsimbi yotentha, makamaka matewera, zobvala zam'kati ndi nsalu zogonera. Kutentha kupha mazira. Cotupa cikaoneka, cipakidwe Vaseline wambiri pakabowo kuti kamphutsi kasowe mpweya. Kakatulutsa mutu, kafinyidwe pang'onopang'ono kucokera m'mbali, ndi kutsuka pabalapo ndi sopo. Cisabooledwe ndi singano kapena munga. Ngati cili pafupi ndi diso, pali zotupa zambiri, kapena patuluka mafinya, mwana apite naye ku kiliniki.

CHIRE LA KUSERI KWA NYUMBA

Pali nkhani ina imene anthu sakonda kuichula. Udzu ukatalika kuseri kwa nyumba, ana aopa kupita ku cimbudzi nayamba kudzithandiza pomwepo, ndipo odutsa m'njira acita cimodzimodzi. Mvula ikagwa itenga zonyansazo kupita nazo pabwalo, m'ngalande ndi m'zitsime zosazama. Umu ndi m'mene kolera, kamwazi ndi matenda ena otsegula m'mimba afalikira. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 unagwira anthu oposa 20,000 m'Zambia ndi kupha oposa 700. Bwalo la masewera la National Heroes mu Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa kufikira mu February 2024.

Dothi lonyowa loipitsidwa motere lisunganso timphutsi ta njoka za m'mimba zimene zilowera kumapazi a munthu woyenda wopanda nsapato. Njoka zimenezi ziyamwa magazi m'matumbo, mwana nayamba kufooka ndi kuyera m'maso ndi m'manja. Njira ya ku cimbudzi ikhale yoyera nthawi zonse, zonyansa za makanda zitayidwe m'cimbudzi, madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo m'manja musambidwe ndi sopo pambuyo pa nchito ya pabwalo.

NCHITO YA NDANI?

Pa nyumba zambiri za lendi pakhala mabanja atatu kapena anai, ndipo udzu ukula pamene eni nyumba ndi alendi akankhirana nchito. Lamulo la Public Health Act liletsa munthu wa m'tauni, kaya ndi mwini malo kaya ndi wokhalapo cabe, kulekerera malo ake kumera chire kapena kusunga madzi oberekera udzudzu. Koma sipafunika kudikira a khonsolo. Mabanja a pa poloti imodzi angagwirizane kusinthana masabata ndi kusonkherana cikwakwa cimodzi. Ngalande ya pamseu ifuna anthu a mzere wonse tsiku limodzi, pakuti wina akayeretsa pake pokha madzi aima pa khomo la mnzake wa kumunsi. Nkhalamba ndi odwala amene sangathe kugwira cikwakwa athandizidwe ndi anyamata a pafupi. Poloti yosamangidwa imene mwini wake saoneka idziwitsidwe kwa a komiti ya zaumoyo ya m'dera kapena ku khonsolo.

MAFUNSO OKAMBIRANA PABANJA

1. Kodi udzudzu wa malungo ubadwira kuti, ndipo utenga masiku angati kuti uyambe kuuluka?

2. N'cifukwa ciani kulambula bwalo lonse ndi khasu kungacurukitse zithaphwi?

3. Ndi zinthu zitatu ziti zimene siziyenera kucitidwa kwa munthu wolumidwa ndi njoka?

4. Kodi pakhomo pano ndi malo ati amene madzi aima kuposa masiku atatu mvula itagwa, ndipo adzakwirira ndani pa Ciweru cikudzaci?