Kufunsa Mwaulemu m'Chingerezi Ngati Wophunzira Wamva

Mphunzitsi akafunsa kuti "Do you understand?", kalasi yonse imayankha kuti "Yes!" Yankho limeneli lisakunyengeni. Ana athu amaleredwa kuti kuuza munthu wamkulu kuti "sindinamve" n'kumuchititsa manyazi. Motero mwana amavomera, napita kwawo chimanjamanja.

M'Chinyanja ulemu umaoneka posankha "inu" m'malo mwa "iwe". Chingerezi chili ndi "you" basi, kotero ulemu wake wagona pa kafunsidwe. Gwiritsani ntchito njira zitatu izi.

Choyamba, dzisenzetseni nokha mtolo. Funsani kuti "Did I explain that clearly?" Mwana akayankha kuti ayi, cholakwa chimagwera kafotokozedwe kanu, osati nzeru zake.

Chachiwiri, pemphani umboni: "Could you say it in your own words, please?" Chingerezi chikamuthera, mloleni afotokoze m'Chinyanja kapena m'Chinyungwe. Kudalira chiyankhulo cha mwana si kwachilendo kuno: pulojekiti ya PEBIMO inayesa kuphunzitsa m'Chinyanja m'chigawo cha Tete kuyambira 1993 mpaka 1997.

Chachitatu, phunzitsani ophunzira kudzifunsira okha: "Sorry, could you repeat that?" kapena "Do you mean…?" Yamikirani aliyense wofunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Ntchito: Khalani awiriawiri. Wina alongosole m'Chingerezi njira yochokera pa mlatho wa Samora Machel kukafika kumsika wa Kwachena, ndipo atsimikize katatu kuti mnzake wamva, osanena "Do you understand?" Kenako sinthanani.